Mgaiwa Awiri, Woyera Mmodzi

LOWERUKA

09:06 Thoko: Bright wadzuka? kuno nkhani yavuta koma ndikuseka

09:06 Thoko: tonse tili pakhonde tikumwa tiyi ndi chinangwa. amama afunsa malume Amosi za tsiku la chinkhoswe chathu

09:07 Bright: eya, ati chani

09:08 Thoko: ati tsiku lilipo, lili mthumba mwawo. koma salitulutsa mpaka adadi awapatse mpeni umene anawalonjeza

09:08 Bright: mpeni wa chani

09:09 Thoko: wosendera mbuzi. anawalonjeza ine ndili ku secondary kkkk. chaka ndi chaka adadi amangoti alamu mawa, alamu mawa

09:09 Bright: akungocheza eti

09:10 Thoko: akuseka koma malume ndimawadziwa. mwini mbumba ndi iwowo, palibe wina angatchule tsiku. ndipo mawa akatuluka church akubwerera ku Malomo. akapita ndiye basi mpaka atagulitsa soya

09:11 Bright: kwathu ku Rumphi akanati ng'ombe. kwanu mpeni umodzi? ndikagule pompano, iwiri

09:12 Thoko: usayerekeze, akufuna wosula adadi. ulipo kale, anausula ndi spring ya galimoto, koma uli bii ngati chikuni. watsala kuupala pa makina aja anapanga okha ndi motor ya pampu

09:12 Thoko: ndipo ndi lero lokha. lamulungu adadi sagwira chitsulo

09:13 Bright: nanga chikuwaletsa nchani

09:14 Thoko: ati pali zimene zawathera. ndawauza kuti uli mtown. akujambula mawu, kukuimbira akuchita manyazi

09:16 Thoko: ↪ 🎤 0:34 "Ee, Thokozire. Uwauze a Chavula, ngati sindikuwavutitsa. Andipezere mgaiwa awiri, gramil mmodzi, woyera mmodzi. Mgaiwayo akhale wabuluu, enawo sachedwa kutha. Zimenezi zikapezeka, alamu angawa agona ndi mpeni wawo lero. Basi. Kodi ndidine pati kuti isiye"

09:16 Thoko: mvera wekha ine sindinamve, amama andituma kumpopi

09:18 Bright: ufa?

09:19 Bright: Thoko

09:25 Bright: ok mwina ndi mwambo wa kwanu, mkamwini safunsa zambiri. ndikutsikira kumsika

09:51 Bright: woyera ndapeza. gramil ndapeza. mgaiwa wabuluu mayi wina wandiseka mpaka waitana anzake

09:58 Bright: aaa ndamvetsa tsopano. jumbo yabuluu

10:04 Bright: 📷 majumbo anayi a ufa pa benchi, awiri abuluu

10:04 Bright: ntchito yoyamba kutumidwa ndi apongozi, yatheka 💪

10:20 Thoko: ichi nchani

10:20 Bright: zimene atuma abambo

10:21 Thoko: dikira ndiwaonetse

10:24 Thoko: 😭😭😭

10:24 Thoko: Bright

10:25 Thoko: malume atsamwa ndi chinangwa, amama akuwamenya pamsana. adadi avula magalasi akupukuta misozi

10:25 Bright: ndalakwitsa chani, ndiuze bwinobwino

10:26 Thoko: si ufa. ndi malamba a makina. aja okhakhala ngati sandpaper, ozungulira. anawapatsa maina a ufa okha

10:27 Bright: ndikubwerera ku Rumphi. wapansi

10:27 Thoko: kkkk khala pomwepo. ndikupanga group, kudzera mwa ine zisokonekeranso

Thoko wapanga gulu "Mpeni wa malume"
Thoko waika Adadi ndi Bright

10:31 Thoko: adadi, a Chavula ali muno. mulankhulane nokha

10:33 Bright: Mwadzuka bwanji abambo. Pepani kwambiri ndi za ufazi.

10:38 Adadi: Tadzuka bwino a Chavula kaya inu. Palibe chopepesa. Ufawo ubwere, tili ndi alendo.

10:40 Adadi: 🎤 1:12 "Kulemba kumandichedwetsa, ndingolankhula. Mwaona, manambala a kumbuyo kwa lamba amafufutika akangozungulira pang'ono, ndiye ine ndimamva ndi chala. Wokhakhala kwambiri, woti ukamukhudza chala chimadandaula, ameneyo ndimati mgaiwa. Ndiye amagalauza, amadya chitsulo mpaka mpeni uoneke kuti ndi mpeni. Koma amasiya mizere ngati munda wongolima kumene. Ndiye pamabwera gramil kudzafafaniza mizere ya mkulu wakeyo. Pomaliza woyera, wosalala, ameneyo ntchito yake ndi kuzira basi, monga amachitira amayi pakhonde. Mayinawa ndimayankhula ndekha mu shedi muno, ndinaiwala kuti sanatulukepo panja."

10:42 Bright: Ndamva abambo. Ndipite kuti?

10:44 Adadi: Ma hardware a ku Malangalanga. Lero amatseka hafu 12.

10:45 Bright: Ndanyamuka.

10:45 Thoko: ndi ufa wako kkkk

10:46 Bright: ndausungitsa kwa mayi anandiseka uja. tsopano ndife abale

11:09 Bright: Shop yoyamba alibe. Yachiwiri andipatsa fan belt. Ndili yachitatu, mayi a pa counter a Karima akuti alipo koma akufunsa size.

11:10 Thoko: adadi size

11:12 Adadi: Wofanana ndi wakale.

11:12 Thoko: adadi munthuyo ali ku Old Town wakaleyo ali ku Biwi

11:13 Adadi: Zoona. Tenga tepi ya amako.

11:17 Thoko: ndamupinda pakati ndamuyala patebulo. 45 ndi kachidutswa. mulifupi 5

11:18 Bright: ndiye kuzungulira ndi 91 ndi kanthu. pano pali olembedwa 915. koma mulifupi ndi 10, si 5

11:20 Adadi: 🎤 0:29 "Ameneyo ndiye wake. Ndimamung'amba pakati mu utali, mmodzi amabala awiri. Makinawa ndinawapanga motsatira lamba amene amapezeka kuno, osati lamba kutsatira makina. Aatali aja amaonetsa pa foni anzathu akunja, kuno mungawafune mpaka nsapato kutha."

11:22 Bright: Chabwino. Tsopano manambala. Pali P40, P60, P80, P120, P240. Mgaiwa ndiye 240 eti, poti ndiye wamkulu?

11:23 Thoko: inenso ndikuganiza choncho

11:25 Adadi: Musaone nambala. Khudzani.

11:27 Bright: eee

11:27 Bright: 40 ndiye wolusa. 240 ali ngati tsaya la mwana

11:28 Bright: ndiye zili ngati ma points a form 4, ochepa ndiye oopsa

11:28 Thoko: usayambe za ma points pamaso pa adadi plz

11:30 Adadi: Mwakhoza. 40 mgaiwa. 120 gramil. 240 woyera. Ndikukumbuka tsopano.

11:31 Bright: Nanga osangotenga 40 ndi 240, wapakatiyo nkumusiya?

11:33 Adadi: 🎤 0:41 "Iyayi a Chavula. Ndinayesapo. Woyera sangathe mizere ya mgaiwa, amangoipukuta kuti iwale bwino, aliyense aione. Mutha tsiku lonse, lamba watha, mizere ili pompo ikukuyang'anani. Ndiponso mukakakamiza, chitsulo chimatentha. Alamu anga maso awo ndi a nkhwazi, akangoona mzere umodzi adzaunena mpaka pa ukwati."

11:34 Thoko: malume akuti akumva

11:34 Thoko: akuti auzeni a ku Rumphiwo asathamange, iwo sakufulumira, atha kudzatchula tsiku chaka cha mawa 😭

11:35 Bright: auze ndikuthamanga

11:37 Adadi: Muonenso polumikiza. Mupinde pang'ono. Pakalira ngati tsamba louma musatenge, wagonera mu shop. Amaduka ali pa liwiro.

11:38 Adadi: Kumbuyo kukhale kwa nsalu osati pepala.

11:41 Bright: Ndapinda onse. Mmodzi walira, a Karima amubweza mkati okha. Akuti mpongozi wanuyo ndimufuna adzandigwirire ntchito

11:42 Bright: 120 ndi 240 alipo ofiirira okhaokha. Ndi vuto?

11:44 Adadi: Ayi. Amenewo ntchito yawo ndi yopepuka. Wabuluu ndi mgaiwa yekha. Muonjezepo 80 wofiirira mmodzi wa chogwirira, thabwa limafuna lamba watsopano, wakutha amaliwotcha.

11:45 Bright: Ndaonjeza.

11:52 Bright: Abambo pali vuto pang'ono. 40 wabuluu wa size yathu watha. Alipo 40 wofiirira, ndi 60 wabuluu. Nditenge uti?

11:55 Bright: Abambo

11:58 Bright: Thoko adadi ali kuti

12:01 Thoko: iii atuluka ndi malume, apita ku Mchesi kwa akalipentala kukasankha thabwa la chogwirira. malume akuti asankha okha

12:01 Thoko: foni ili pano pa charger ikungolira

12:02 Bright: ya malume?

12:02 Thoko: ilibe moto chifikireni lachinayi

12:03 Bright: anyamata ayamba kulowetsa mawilibala mkati

12:04 Thoko: tenga onse awiri

12:05 Bright: zanga zambiri zapita ku ufa. pano nditha mtundu umodzi, awiri monga ananenera

12:05 Thoko: kkkkk sorry. sindikuseka

12:06 Thoko: ndikuseka

12:07 Bright: anati mgaiwa ndi 40. anatinso akhale wabuluu. mawu awiri a apongozi, limodzi ndiliphwanya basi

12:08 Thoko: funsa a Karima

12:10 Bright: akuti wofiirira amagula akalipentala, wabuluu amagula owotcherera. koma akuti za mipeni sadziwa, asandinamize

12:15 Bright: ndapempha tizidutswa ta sample. ndapala key wanga pa onse awiri

12:16 Bright: wofiirira akudya msanga poyamba koma mchenga wake ukuyoyoka, pamene ndapalapo pasalala kale. wabuluu akudya pang'onopang'ono koma ali chimodzimodzi

12:17 Bright: spring ya galimoto ndi yolimba kuposa key. wofiirirayo angathe mpeni usanayambe

12:18 Thoko: ndiye?

12:21 Bright: ndatenga 60 wabuluu awiri. zikavuta udzanene kuti ndinali munthu wabwino

12:22 Thoko: ❤️ bwera. usaiwale ufa

13:10 Bright: ndatsika pa stage. ndilowe kapena ndiime pa gate

13:11 Thoko: pita kuseri ku shedi, adadi abwera. ufa usiye pa gate nditenga, malume asakuone nawo ayambiranso

13:12 Thoko: mochedwa. akuona pa window

13:40 Thoko: zili bwanji kumeneko, ndikungomva makina

13:58 Thoko: Bright

14:15 Adadi: 🎤 0:38 "Thokozire, a Chavula manja ali ndi madzi sangagwire foni. Uwauze amako asawadikire pa chakudya, tidyera konkuno. Lamba uja abweretsa ndi mgaiwa ndithu, kungoti wa chigayo chabwino, chosefa pang'ono. Akuchedwerapo koma sakutha. Akanakhala wofiirira bwenzi pano tikuyang'anana. Utibweretsere madzi ena mu ndowa, awa atentha."

14:16 Thoko: adadi mwawagwiritsa ntchito alendo?

14:31 Adadi: Anapempha okha.

15:20 Bright: ndapuma kaye. Thoko makinawa ndi nyama. moto uli thethethe mpaka pa nsapato

15:21 Bright: ntchito yanga ndi ndowa. akapala kawiri amandipatsa ndiviike. akuti amagwira ndi manja opanda magolovesi dala, chala chikamva kutentha ndiye kuti chitsulo chinamva kale

15:22 Bright: ndinaika lamba chozondoka poyamba, kumbuyo kuli kamuvi kosonyeza kozungulira. sanandikalipire, anangoti a Chavula muoneni mnzanuyo akuloza kuti

15:23 Thoko: mwayamba kugwirizana bwanji. ine makinawo sanandionetsepo

15:23 Bright: iwe unathawa physics

15:24 Thoko: ndikuuza malume achedwetse tsiku

15:24 Bright: pepani amayi

16:05 Thoko: malume abwera uko kawiri akunamizira kufuna machesi. sasuta

16:06 Bright: abambo amaubisa mu ndowa akamva mapazi kkkk

16:48 Bright: Thoko

16:48 Bright: ndapsereza nsonga

16:49 Thoko: wachita chani??

16:50 Bright: tinafika pa gramil. anati yesani mbali imodzi. ndinakanikiza kwambiri pa nsonga, yasanduka ya buluu ngati khosi la nkhanga

16:50 Thoko: ndiye kuti chani

16:51 Bright: akuti pamenepo chitsulo chafewa, sichingagwirenso kuthwa

16:51 Thoko: mayo ine

16:52 Thoko: adadi ati chani

16:59 Thoko: Bright yankha

17:14 Adadi: 🎤 0:47 "Mwanawe usadandaule, ndakuona ukusuzumira pa mpanda. Yapsa ndi nsonga yokha, kachigawo ngati chikhadabo. Tabwezera mgaiwa, tadula popsapo, tapanga nsonga ina. Mwayi wake anabweretsa awiri, wachiwiriyu ndi watsopano, amadya mosatenthetsa. Mpeni wafupika pang'ono, koma wosendera mbuzi sufuna kutalika, si chikwanje. Ine mpeni wanga woyamba kupala pa makinawa ndinaupsereza mpaka pakati, unasanduka chotokosera mbatata. A Chavula ayamba bwino."

17:15 Thoko: zikomo adadi

17:16 Thoko: Bright ukupuma?

17:30 Bright: pang'ono. andibwezeranso mpeni m'manja. akuti ndikausiya pano ndidzauopa mpaka kale

18:02 Bright: 📷 mpeni pa thabwa, wowala, chogwirira chofiira cha mlombwa ndi misomali iwiri yamkuwa

18:02 Bright: woyera wamaliza. ndikudziona nkhope

18:03 Thoko: eeee koma ndiye wakongola

18:03 Thoko: mbali yako ndi iti

18:04 Bright: imene sikuoneka pa chithunzi

18:06 Adadi: Zonse ziwiri ndi zabwino. Tiunola pa mwala mafuta a chogwirira akauma. Alamu alandira mmawa.

18:07 Thoko: bwanji osawapatsa pano atchule tigone

18:09 Adadi: Adikira zaka, usiku umodzi sangafe.

19:12 Bright: ndafika kunyumba ku Area 23 koma ndili panja

19:12 Thoko: bwanji

19:13 Bright: key sakutsegula. ndinapala kumano

19:13 Thoko: 😭😭😭 Bright

19:14 Bright: a landlord akubwera ndi spare. akufunsa kuti ndinatani, ndawauza kuti ndi nkhani ya banja

19:20 Adadi: Mubwere naye, tidzaona.

19:20 Thoko: adadi mukuwerenga zonse?

19:24 Adadi: Unandiika wekha.

LAMULUNGU

07:40 Bright: Mwadzuka bwanji abambo. Thoko, kwaya yathu ikuimba service yachiwiri, foni ikhala pa silent. undiuze chilichonse

07:41 Thoko: ok. ife talowa ya mmawa, malume akufuna minibus ya masana

10:32 Thoko: tabwerako. adadi awapatsa mpeni, anaukulunga mu nyuzi

10:33 Thoko: malume akuutembenuza

10:34 Thoko: auyang'anitsa padzuwa mbali zonse ziwiri

10:35 Thoko: ati alamu, mpeni umene munandilonjeza unali wautali kuposa uwu

10:35 Thoko: adadi ati unafupika ndi kudikira

10:36 Thoko: malume sanaseke

10:38 Thoko: apinda malaya. akumeta ubweya wa pamkono

10:38 Thoko: ukugwa wokha Bright

10:39 Thoko: ameta mkono wonse. amama akuti achimwene basi mukafika kumudzi ngati nkhuku yososola

10:41 Thoko: afunsa kuti mbali iyi wapala ndani, dzanja lake ndi lina

10:41 Thoko: adadi ati a Chavula

10:42 Thoko: ati ndi nsonga yomwe? adadi ati nsongayo tinathandizana

10:43 Thoko: ati hmm

10:43 Thoko: hmm yekha basi

10:50 Thoko: tsopano atuma kuti agwire tambala wa ndiwo za masana, akufuna ayesere pomwepo

10:58 Thoko: tambala wathawira kwa a neighbour. adadi ndi malume onse akuthamangitsa ndi ma suit a ku church

11:06 Thoko: agwira

11:09 Thoko: mpeni wadutsa kamodzi kokha. malume akupukuta mpeni ndi tsamba la nthochi ngati akusambitsa khanda

11:10 Thoko: akhala pampando. aitana amama. aitana ine

11:11 Thoko: dikira

11:26 Thoko: BRIGHT

11:26 Thoko: loweruka lomaliza la mwezi wa mawa

11:27 Thoko: ati uwauze akwanu ayambe kusoka zovala. ati munthu amene angagule ufa osafunsa, nkukasakanso malamba osadandaula, mwana wawo sakagona ndi njala

11:27 Thoko: amama akulira, akusosola tambala uku akulira

11:28 Thoko: malume auika mu sokosi, amama akuti muchotse mudzicheka mu minibus, akukana

11:31 Adadi: A Chavula mwamva. Tithokoze Mulungu.

11:40 Thoko: Bright

11:52 Thoko: ndikudziwa uli mu kwaya koma iwe

12:03 Thoko: nyimbo zanu za ku mpoto zimakhala ndi mavesi angati kodi

12:19 Bright: Yewo chomene abambo. Yewo. Zikomo.

12:20 Bright: Thoko ndinasuzumira foni pakati pa nyimbo

12:20 Bright: ndinayamba vesi yolakwika mokweza, tenor yonse yanditsatira